Sikelo ya Akamwini Yoopa Chifuwa

Ine ndinakonza njinga pa Lizulu moyo wanga wonse. Sukulu ndinalekeza ku pulayimale, ndipo sindinapepesepo kwa munthu pa chimenecho. Limu yopindika ndinkaiwongola ndi diso. Mkazi wanga atamwalira, mwana wanga wamkazi anati sindingakhale ndekha. Ananditengera kwawo ku Perth, kutsidya kwa nyanja, dera la Morley. Iye ndi namwino, amagwira ntchito pachipatala m'tauni. Amuna ake ndi injiniya wa kumigodi. Amakwera ndege kupita kumpoto, amakhalako masabata, kenako amabwera kudzapuma kunyumba.

Kupuma kwawoko ndiko kunali vuto.

Akamwini angawo ndi munthu wabwino. Samwa. Sakweza mawu. Akandiona amavula chipewa. Koma ali ndi mfuti, ndipo mfutiyo sinabweretsepo nyama m'nyumba. Amapita nayo kukalabu kunja kwa mzinda, kukagona chafufumimba n'kumawombera pepala. Nditamva koyamba ndinafunsa kuti pepalalo linalakwanji. Anangoseka mwaulemu.

Kuwomberako kukanakhala kokha, bwenzi palibe nkhani. Chimene chinkadya nthawi ndi zipolopolo. Iwo amati za m'sitolo sizifanana. Maso amaona ngati n'zofanana, koma china chimapita uku, china uko. Choncho amadzipangira okha. Amatola zigoba zamkuwa zimene awombera kale, kuzitsuka, kuziyeza, kuthiramo onga woyeza, n'kuikapo mutu watsopano. Chilichonse chifanane ndi chinzake ngati mapasa.

Ntchito imeneyi amaigwirira m'galaja. Galimoto imagona panja. Chitseko chachikulu anachitchinga ndi mashelefu, polowera ndi kachitseko kamodzi kotsegukira kukhitchini. Mfuti ndi onga zimakhala m'kabati yachitsulo, kiyi ali m'thumba mwawo. Pamenepo sindiwanena. Lamulo la kuno amalisunga.

Patebulo pali milungu yawo itatu. Woyamba ndi sikelo yaing'ono yokhala m'kabokosi kagalasi. Wachiwiri ndi kamwala kamkuwa koyesera ngati sikeloyo ikunena zoona. Kameneko sakagwira ndi chala, amakanyamula ndi kambaniro ngati chinthu chopatulika. Wachitatu amati kalipa. Ndi chitsulo cha nsagwada ziwiri, chimaluma chinthu n'kulemba kukula kwake pakagalasi.

Munthu ankatsika ndege, kupsompsona ana, kupereka moni kwa ine, kuika chikwama pansi, basi walowa m'galaja. Ankatuluka nthawi ya chakudya yokha. Masiku akatha ankakweranso ndege.

Masana ena mwana wanga anandipeza ndikumwa tiyi. Anakhala pansi osavula nsapato za kuntchito.

"Ababa, ine ndatopa."

"Pumula."

"Si kutopa kumeneko. Ndili ndi mwamuna wa m'galaja. Akakhala kumgodi ndimakhala ndekha. Akabwera ndimakhalanso ndekha, kungoonjezera mbale imodzi yotsuka."

Ndinayang'ana m'kapu.

"Zikapitirira ndikuimbira atsibweni. Aitane ankhoswe anzawo, nkhaniyi ikambidwe. Ikalephereka ndiona pochita ndi ana anga."

Atsibweni akewo ndi mlamu wanga, mlongo wake wa malemu mkazi wanga. Ndiye nkhoswe wa banjali. Munthuyo zimene wamva m'mawa, masana zimakhala zitafika kuchigayo. Ndiponso tsiku limene ndinkanyamuka kumudzi anandiuza pamaso pa anthu kuti, "Alamu, kumeneko mukungokadya." Kuti amve kuti banja la mwana wanga likugwedezeka ine ndili m'nyumba momwemo, ayi. Komanso mawu aja akuti "ndiona pochita" sindinawakonde. Mwana wangayu ndimamudziwa. Anatengera ine. Sanena kawiri.

Koma ndikanatani? Kwathu bambo salowa m'nkhani za banja la mwana wake. Imeneyo ndi ntchito ya ankhoswe. Ndipo mpongozi sadzudzula mkamwini maso ndi maso. Ndinalingalira kwambiri. Kenako ndinakumbukira kuti mwambo womwewo uli ndi mbali inanso. Mkamwini sangauze apongozi ake kuti tulukani. Sangawakanize chinthu. Akawabwereka kanthu, sangakalondole.

Atabwera ulendo wotsatira, ndinagogoda pakachitseko.

"Odi."

"Lowani, bambo."

Anadzuka, anapukuta mpando ndi dzanja, anandipatsa. Iwo anakhala pabokosi kuti asandipose msinkhu.

"Pitirizani ntchito, akamwini. Ine ndangobwera kudzaona."

Anabwerera patebulo. Ankagwetsera onga m'kambale ka pasikelo pang'onopang'ono, kanjere kamodzikamodzi, maso ali pamanambala. Ndiye chifuwa chinandigwira. Choyambacho sindinachite dala. Nditatsokomola, manambala a pasikelo anayamba kuvina. Akamwini anaimitsa dzanja m'malere. Anadikira. Anabwezera onga uja m'botolo, anayambiranso.

"Chachitika n'chiyani?"

"Palibe kanthu, bambo. Kungoti sikeloyi imamva mphepo. Ngakhale kupuma kwa munthu."

"Ngakhale kupuma?"

"Eya, bambo."

Ndinati, "Ohoo."

Kuyambira tsiku limenelo chifuwa changa chinakula. Chinkabwera nthawi yabwino, kambale kakatsala pang'ono kukwana. Kunkatenthanso, choncho ndinkadzikupiza ndi chipewa. Mwendo wanga ukachita dzanzi ndinkauwongola, ndipo unkakagunda mwendo wa tebulo. Nthawi zina ndinkakumbukira nyimbo za kutchalitchi. Ine ndimaimba besi. Sikeloyo besi sinkaikonda.

Akamwini sanasinthe nkhope. Anandibweretsera madzi. Anandibweretsera uchi ndi mandimu. Anapita kusitolo kukagula mankhwala a chifuwa, anandipatsa ndi manja awiri.

"Bambo, mwina m'galaja muno muli fumbi. Pabalaza pali mpweya wabwino."

"Muno ndi mwabwino."

"Chabwino, bambo."

Ndinkaganiza kuti atopa, atseka botolo, alowa m'nyumba. Munthuyo sindinamuwerenge bwino. Ngwodekha ngati kakowa pamadzi. Ndikatsokomola ankabwezera, ankayambiranso. Ntchito ya m'mawa inkafika madzulo. Sabata ija itatha mwana wanga anandiima patsogolo, manja ali m'chiuno.

"Ababa, kale ankatuluka nthawi ya chakudya. Chilowereni inu, ndi chakudya chomwe akudyera momwemo. Mukukachitamo chiyani?"

"Ndikugwira ntchito."

"Ntchito yanji?"

"Sukuidziwa."

Ndinasintha njira. Ndinali nditaona kuti chigoba chilichonse chisanalandire onga chimayamba chalumidwa ndi kalipa. Anandiuza okha kuti mkuwa umatalika pang'ono ukawomberedwa, ndipo chigoba chosayezedwa sachigwiritsa ntchito. Choncho popanda kalipa palibe chiyambi.

"Akamwini, kachitsulo kolumako ndibwerekeniko. Ndikufuna ndione masipoko a njinga ya mdzukulu wanga."

Anayang'ana kalipa. Anayang'ana ine. Anamuika m'kabokosi kake, anandipatsa ndi manja awiri, nkhope ili ngati ya munthu wopereka mbuzi yake yomaliza.

Tsiku limenelo anakhala pabalaza. Mawa lake anatenga ana kupita nawo kumasitolo aakulu a pa Morley. Anabwera ndi nsapato ndi zotsekemera. Mwana wanga ankaimba potsuka mbale. Ine ndinamwa tiyi ngati mfumu.

Kenako anayamba kundizungulira.

"Bambo, njinga ija ikuyenda bwanji?"

"Ikuyenda."

"Masipoko ali bwino?"

"Ndikuwaonabe."

"Chabwino, bambo."

Anapita kumgodi. Asanabwere, wa positi anasiya kaphukusi pakhomo. Atatsika ndege anakatsegula, analowa nako m'galaja. Dziko lino chinthu chikasowa amangodina foni, china chimabwera. Kwathu akanakhala miyezi. Ndinagogodanso.

"Akamwini, uja munandibwereka uja ndikumukayikira. Ndipatseni watsopanoyo ndiwayerekeze."

Anayang'ana pansi nthawi yaitali. Anandipatsa, ndi manja awiri.

Tsopano ndinali ndi makalipa awiri m'chipinda changa. Chinthu chikakhala pafupi munthu amachigwira. M'mawa wina onse atachoka ndinatsegula nsagwada za mmodzi. Ndinayamba ndi sipoko, kuti mawu anga aja asakhale bodza. Kenako batani la malaya. Kenako chikhadabo. Ndinazula ndevu yoyera ndi yakuda, ndinapeza kuti sizifanana kunenepa. Ndinakhuthula bokosi la machesi pabedi. Ndinkayesa onse ndi ofanana. Ayi ndithu. Aliyense ali ndi msinkhu wake, ngati ana a mitala. Mapiritsi anga a mtima okha ndiwo anafanana onse. Amene amawapanga ndinawalemekeza.

Sindikunena kuti diso langa linkalakwa pa Lizulu. Silinkalakwa. Koma chitsulo chimenecho chikanakhala m'bokosi langa la masipanala, sindikanachitaya.

Loweruka lina kunabwera mnzawo wa kukalabu. Ndi munthu wa ku Lusaka, amakhala ku Rockingham, amawotcherera zitsulo ku Kwinana. Mtundu wake ndi Mbemba. Atamva kuti ndine Mngoni wa ku Ntcheu anaomba m'manja. Kwawo Abemba ndi Angoni ali pachimbuya, ndiko kuti chibale chonyozana, wonyozedwa sakwiya. Ndinamuuza kuti zimenezo ndi za ku Zambia, ine ndine wa ku Malawi. Anati mbewa sizidziwa malire.

"Ba mdala, mbeba mwazipeza kuno, olo mukali na njala?"

"Nanga inu si amene munamaliza kudya anyani a dziko lino? Chibwerereni sindinaonepo ndi mmodzi yemwe."

Anaseka mpaka kugwira khoma. Kenako anakhala pampando wa pafupi nane osapatsidwa.

"Manje mvelani, ba mdala. Ise ba Bemba ndise bamatinena kuti ndise bakawalala, bantu bakuba. Koma munyumba muno mwasoba makalipa yabili, na Mubemba sanangenemo."

Akamwini anadzuka msanga, anati akukaona matayala a galimoto.

"Sindinabe," ndinatero. "Ndinabwereka."

"Kubweleka kwa mpongozi na kuba, vipusana chabe pa ulemu. Uyu muntu sangakambe, ni mukamwini. Ine ningakambe. Tiyeni lelo mukaone vamene amachita. Mukapeza ni vaupuba, vopusa chabe, sungani vonse, na sikelo nizamibweletsela neka."

Mbemba akakuitana pamaso pa mwana wako sungakane. Ndinavala jekete.

Malowo ali kutchire, mchenga woyera, ntchentche zambiri. Anandiveka zotseka m'makutu. Ndinkayembekezera phokoso la anyamata. Ndinapeza anthu achikulire, amuna ndi akazi, ofatsa ngati pa mgonero. Panali mkulu mmodzi wolamula. Asananene iye palibe wokhudza mfuti. Akati lekani, onse amasiya, manja poonekera. Zimenezo ndinazikonda. Mwambo ndi mwambo, ngakhale wa azungu.

Pepala linali kutali moti ndi maso anga ndinkangoona kadontho koyera. Anandikhazika pagalasi lokokera zinthu pafupi. Akamwini anagona pansi. Anayamba ndi za m'sitolo, popeza zawo zinali zitatsala zochepa, chifukwa chake mukuchidziwa. Mabowo anamwazikana papepala ngati ndowe za mbuzi yoyenda. Mbemba uja anandigwira paphewa.

"Mwaona? Manje penyani."

Panaikidwa pepala lina. Akamwini anatenga zawo zija, zoyezedwa. Anawombera. Bowo linaoneka. Anawomberanso. Ndinayesa aphonya, chifukwa bowo lachiwiri sindinalione. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti loyamba lija langokula pang'ono. Anawomberanso, chimodzimodzi. Atamaliza, mabowo onse akanabisika pansi pa batani la jekete langa.

Pali kanthu kamene kamachitika m'mimba mwa mmisiri akazunguza wilo n'kuona likuyenda lowongoka, osakhudza buleki mbali iliyonse. Ndinali ndisanakamve chichokereni pa Lizulu. Ndinakamva pamenepo.

Akamwini anadzuka, anasansa mchenga, anandiyang'ana mwakuba.

"Sizoipa," ndinatero.

Mbemba anati, "Mungoni akakamba sizoipa, ninshi alila mukati."

Lolemba ndinagogoda pakachitseko nditanyamula makalipa onse awiri. Mmodzi ndinaika patebulo. Winayo ndinakhala naye m'manja.

"Zigoba zili kuti?"

Anandisunthira mbale. Anandionetsa nambala yoyenera. Zokwana mbale iyi, zotalika mbale iyo. Onga sindinaukhudze, ndipo iwo sanandiuze kuti ndiukhudze. Ntchito yanga inali ya mkuwa wopanda kanthu. Ndinaigwira bwino. Chifuwa chinatheratu. Akamathira pasikelo ndinkatembenuzira nkhope kukhoma popuma. Adzukulu akamathamanga m'khitchini ndinkawakalipira kuti akugwedeza nyumba. Ankandiyankha m'Chingerezi chawo chapamphuno, koma ankasiya.

Tinagwira Lolemba lonse. Tinagwira Lachiwiri. Lachitatu masana mwana wanga anabwera kuntchito, anatsegula kachitseko, chikwama chili paphewa. Nthawi imeneyo kambale kanali katatsala pang'ono kukwana. Mawu anatuluka okha m'kamwa mwanga.

"Tseka chitseko, iwe! Mphepo!"

Sanatseke. Anayang'ana amuna ake. Anayang'ana ine, magalasi ali pamphuno, kalipa m'manja.

"Ababa. Ndi inu omwe?"

Tonse awiri tinayang'ana sikelo.

"Lamulungu ndikuimbira atsibweni, akangotuluka m'tchalitchi. Ndiwauza za anthu awiri."

Ndiye anatseka. Sikelo inavina nthawi yaitali.

Mawa lake tinakhalanso m'galajamo, koma ntchito sinkayenda. Tonse tinkayang'ana khoma. Mwina n'chifukwa chake anatha kulankhula, poti maso athu sankakumana.

"Bambo, ndinene kanthu?"

"Nenani."

"Kumgodi kuja phokoso silitha. Makina, mawayilesi, anthu akufunsa ichi ndi icho. Ukalakwitsa pang'ono wina avulala. Ndikatsika ndege mutu umakhala ukulirabe. Ndikalowa m'nyumba ndimapeza zonse zikuyenda popanda ine. Ana ali ndi nthawi zawo, mayi awo akudziwa chilichonse. Ndikagwira kanthu ndimasokoneza. Ndikaika kapu, ndaika polakwika. Muno mokha ndi mmene ndimadziwa pamene chinthu chimakhala."

Ndinaluma chigoba ndi kalipa. Chinali chokwana.

"Akazi anu munawauza zimenezo?"

"Ayi, bambo."

"Bwanji?"

"Ndikayamba amakhala atakwiya kale. Ndiye ndimabwerera muno."

Ndinatenga chigoba china. Kuwalangiza si ntchito yanga. Koma ndinaona kuti mlandu uwu sufunika mlamu wanga ndi pakamwa pake. Unkafunika anthu awiri akhale malo amodzi popanda pothawira.

Lamulungu tinapita kutchalitchi, tinabwera, tinadya mwakachetechete. Kuno kukakhala masana, kwathu kumakhala m'mawa, choncho mlamu wanga anali akadali m'mapemphero. Akamwini anazemba, analowa m'galaja. Ana anali kuchipinda ndi zomvera nyimbo zawo m'makutu. Mwana wanga ankapukuta tebulo, foni ili pambali.

"Amuna ako akukufuna m'galaja."

"Akundifuna ine?"

"Pali winanso amene ndikulankhula naye?"

Sanandiitanitse, koma sindinanene kuti anditumiza. Ndinati akumufuna. Chimenecho chinali choona. Anapukuta manja, analowa. Ndinatseka kachitseko. Ndinakoka mpando wa m'khitchini, ndinautsamiza pachitsekopo, ndinakhala.

Mkati ndinamva, "Mwati chiyani?" Kenako, "Ine sindinaitane." Kenako chogwirira chinatembenuka. Chitseko chinandigunda pamsana pang'ono, chinaima.

"Ababa, chokani pachitseko."

"Nyamakazi yandigwira."

"Ababa!"

"Ikasiya ndidzuka."

Ndinamva akuuza amuna ake, "Kankhani chitsekocho."

"Ndikankhe bambo?"

"Kankhani!"

"Amayi a ana, sindingathe. Ndi apongozi anga."

"Ndiye apempheni achoke."

"Ndiwauze kuti chokani? Ine?"

Ulemu umene unkandibweretsera uchi ndi mandimu unagwira ntchito yake. Munthuyo akanatha kundinyamula ndi mpando womwe. Sanakhudze chitseko.

Mwana wanga anayamba. Anayamba ndi ine, kenako anatembenukira kwa mwini mlandu. Mkwiyo utakula analowa m'Chingerezi. Zinandithandiza, chifukwa bambo sayenera kumva za m'banja la mwana wake. Pamene ankabwerera m'Chichewa ndinkaimba besi yanga. Ndinamaliza nyimbo, ndinayamba ina. Kwa nthawi yaitali mawu anali amodzi, a mkazi. Kenako anasiya. Kenako ndinamva mawu a mwamuna, otsika, oduladula, ngati munthu wokankha njinga pamtunda. Ndinakweza nyimbo.

Msana unayamba kuwawa zenizeni. Tiyi anali patali. Sindinasunthe.

Ndiye foni inalira patebulo. Mwana wanga anali atatumiza kale uthenga kumudzi kuti ali ndi nkhani, ndipo mlamu wanga nkhani saidikira. Dzanja langa silinkafika. Ndinakuwira mdzukulu wanga wamkazi. Anabwera akung'ung'udza, anandipatsa, anadina poyankhira, anabwerera.

"Halo? Halo? Mwanawe?"

"Ndine, alamu."

"Aa, alamu! Mukadali moyo? Mwanenepa bwanji kumeneko?"

"Ndilipo."

"Mwana anati ali ndi nkhani. Ali kuti?"

"Ali m'chipinda ndi amuna ake. Atseka chitseko. Ndikawagogodere?"

Mlamu wanga anaseka kuseka kwake kwa pachigayo.

"Ayi, alamu, ayi! Asiyeni ana. Nkhani imeneyo tidzaimva ikadzabadwa."

Sindinamuwongole. Ndinamufunsa za mvula. Anandiuza za mvula, za kachewere, za denga la tchalitchi, za mbuzi ya mneba imene inadya kabichi wake, za anthu amene amwalira ndi amene akuyenera kumwalira. Ndinamusiya alankhule mpaka mayunitsi ake anatha.

Dzuwa litapendeka ndinamva kugogoda kuchokera mkati. Kunali kofatsa.

"Odi, bambo."

Anali akamwini. Ndinadzuka, ndinachotsa mpando. Anatuluka onse awiri. Mwana wanga maso ali ofiira. Amuna ake nawonso, koma iwo ankanamizira fumbi. Sanagwirane manja pamaso panga, analeredwa bwino. Koma anaima moyandikana.

Mwana wanga anatenga foni yake, anaona kuti atsibweni anaimba.

"Mwawauza chiyani?"

"Za mvula."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anaika foni m'thumba.

"Tagwirizana, ababa. Akatsika ndege, tsiku loyamba ndi lawo. Apume, palibe wowafunsa kanthu. Galaja ndi Loweruka m'mawa basi. Masiku enawo ndi a m'nyumba muno. Ana kusukulu aziwaperekeza ndi iwo, ndipo kapu akaika paliponse ndisiya."

"Zabwino."

"Chatsala chimodzi. Inu m'galaja musalowenso."

"Ine?"

"Inu."

"Ndalakwanji?"

"Ndi mmodzi ndikhoza kulimbana naye. Awiri ayi. Mumawalimbikitsa."

Ndinatembenukira kwa akamwini. Munthu amene sanandikanizepo kanthu chifikireni changa. Ndinadikira kuti anene kuti bambo ndi aakulu, alowe pamene afuna. Anayang'ana pansi, anapinda manja kumbuyo.

"Ndi mmene tagwirizanirana, bambo."

Masiku otsatira anapita awiriwiri kunyanja ku Rockingham. Anandisiyira ana ndi chakudya cha m'firiji. Anabwera mochedwa, mchenga uli m'nsapato, akutsutsana za njira imene anasochera. Mlandu sunapite kumudzi. Banja lilipo mpaka lero. Pa anthu onse a m'nyumba muno wolangidwa ndinali ine ndekha.

Mbemba uja atamva anabwera dala kudzandipepesa. Anaseka kuyambira pageti.

Loweruka m'mawa ndimakhala m'khitchini. Kuseri kwa chitseko ndimamva zigoba zikugwera m'mbale, ndipo ndimadziwa kuti munthu mmodzi sangaziyeze msanga ngati awiri. Ndinayesa kudandaula kwa mwana wanga. Ndinamuuza kuti chigamulo chake chinaperekedwa ine osafunsidwa, ndipo kwathu mlandu sutha choncho.

Anati ngati sindinakhutire, ndiimbire atsibweni.